Tisaunamizire ufa wa masamba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi amayi anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ufa wa masamba umene wafala masiku ano pokonzera tsitsi ndi khungu. Ine ntchito yanga ndi yoluka ndi kutsuka anthu m'mutu ku Mufakose kuno ku Harare, koma mtundu wathu unachokera ku Chikwawa. Ufa wa cham'mwamba, wa nimu ndi wa ruredzo ndimaugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo pa zimene umatha ndimaukhulupirira. Chikundiwawa n'chakuti anthu ayamba kuunamizira zimene sungathe, ndipo ovulala ndi mabodza amenewa ndi ana ndi atsikana amene amadutsa m'manja mwangamu.

Makolo athu amene anadza kuno kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, kunjanji ndi kukhonsolo sankadikira za m'sitolo kuti mutu uyere. Kumudzi ankadziwa chewe, thelele lija lonanda, ndipo atafika kuno anzawo olankhula Chishona anawaonetsa ruredzo, ena amati feso, chomera choyanga pamchenga chimene zipatso zake zili ndi minga iwiri yolasa kuphazi. Mukafikisa masamba ake m'madzi, madziwo amananda n'kumaterera. Agogo anga ankatsuka nawo mitu ya ana onse pakhomo, kenako n'kutidzoza mafuta a nsatsi oyenga okha. Ankakazinga nsatsizo, kusinja, kuwiritsa m'madzi mpaka mafuta ayandame, ndipo zotsalira zake ankakwirira kutali ndi ana ndi nkhuku chifukwa ndi poizoni. Mayi aliyense ankathyola yekha tsamba, ankalidziwa dzina, ankadziwanso polekezera mphamvu yake.

Pitani lero ku Mbare Musika kapena mungoima pokwerera makombi m'tauni. Mupeza timapaketi ta pulasitiki ta ufa wobiriwira, ta dola imodzi, topanda dzina la tsamba, topanda tsiku losinjira, topanda dzina la wosinja. Wogulitsa amangoti, "Amayi, uwu umakulitsa tsitsi m'masabata awiri, umachotsa dazi, ziphuphu, zikanga ndi chipere, ndipo khungu limayera." Wina umabwera pabasi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, ndipo poti wachokera kumudzi, ife obadwira kunofe timaulandira ndi manja awiri osafunsa kanthu. Kumudzi timakukonda ndithu. Koma ufa umene wakhalitsa m'chikwama n'kudutsanso kutentha kwa ku Tete umafika utasuluka, wotuwa, nthawi zina ukununkha chuku. Makasitomala amandibweretsera kuti ndiwapake, ndikatsanulira pa sefa ndimapezamo timitengo ndi mchenga. Wina umakhala m'mabotolo okongola a zithunzi za amayi a tsitsi lofika m'chiuno, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zabwino zake zilipo, ndipo ndizinene mosabisa. Tsitsi lathu lopiringizanali limaduka kwambiri pomasula ndi popesa. Munthu akamasula zoluka zimene zakhalitsa, pamizu pamakhala timfundo ta litsiro ndi mafuta, ndipo akalowetsa chipeso pouma timfundoti timaduka pamodzi ndi tsitsi. Apa ruredzo palibe chomuposa. Mumanyowetsa mutu ndi madzi ake onanda, n'kumamasula ndi zala kuyambira kunsonga kupita kumizu, timfundo tija timangotsetsereka tokha. Sachita thovu ngati sopo, koma litsiro limachoka ndipo tsitsi silitsala louma. Phala la cham'mwamba limafewetsa tsitsi ndipo limathandiza nkhope yamafutamafuta. Nimu, wowawa uja, amachepetsa kuyabwa ndi mfundu kwa anthu ambiri. Madzi ofiira a chidede amasiya tsitsi lonyezimira. Zimenezi n'zokwanira kuti mayi asamataye ndalama zambiri m'sitolo, makamaka nyengo ino imene dola ikuvuta kuipeza.

Koma ufa wabwino umayambira pamtengo. Cham'mwamba ndi nimu yemwe ndi mitengo yochokera ku India ndipo imakonda malo otentha. N'chifukwa chake cham'mwamba chimasangalala ku Nsanje, ku Chikwawa, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndipo kuno chimachita bwino ku Binga m'chigwa cha Zambezi. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, motero chisanu cha June ndi July chimayoyola masamba, mtengo n'kutsala mbee. Nthawi yothyola ndi ya dzinja, masamba akadali ambiri ndi anthete. Musathyole pamtengo wa m'mphepete mwa msewu umene umamwa utsi ndi fumbi la magalimoto, kapena pafupi ndi pomwe mapaipi a zimbudzi amaphulika, vuto limene ife a m'malokeshoni timalidziwa bwino.

Mukathyola, tsukani m'madzi oyera, kutumulani madziwo, pululani timasambato kuti timitengo titsale. Yalani pa lichero kapena pansalu yoyera, mosaunjika, m'nyumba modutsa mphepo. Padzuwa ayi. Dzuwa limasulutsa tsamba ndi kuwononga zina mwa zofunika zake, ndipo mudzaona nokha kusiyana kwa mtundu. Muzitembenuza m'mawa ndi madzulo, chifukwa nthawi ya mvula tsamba lounjikana limachita chuku usiku umodzi wokha. Lauma ngati mukalifinya ndi zala likuphwanyika n'kumveka thethethe, osati kupindika. Mtondo ukhale wake wake, osati womwe munasinjira tsabola dzulo, apo ayi mwana adzalira ndi maso. Sefani kawiri. Ufa wosefa kamodzi umasiya tizidutswa m'tsitsi toti mungatsuke mpaka madzi athe mumgolo. Ikani m'botolo lagalasi louma bwino, lembani tsiku pakapepala n'kumata, sungani m'kabati momwe simufika kuwala. Ukapitirira miyezi 6, kapena fungo la tsamba likatha, ukathireni kudimba.

Posakaniza ine ndimatenga masupuni awiri a ufa, madzi owiritsa amene azizirako, ndi supuni imodzi ya mafuta a nsatsi, n'kutakasa mpaka likhale phala loti silikuyenderera. Ndimapaka mzere ndi mzere, ndimaphimba mutu ndi pulasitiki kwa mphindi 20 kapena 30, n'kutsuka. Chotsala ndimataya pomwepo.

Pa kutaya chotsalachi ndi pamene ndimakangana ndi atsikana ambiri. Ufa ukakhala wouma umasungika, koma ukangolawa madzi wayamba kuvunda. Mafuta odzola a m'sitolo amathiridwa mankhwala oletsa kuola, pomwe phala lathuli lilibe. Ndiye mupeza mtsikana wasakaniza cham'mwamba ndi peyala, dzira ndi mkaka wosasa, wadzaza chitini, wachiika pawindo m'chipinda chotentha mu October, n'kumapaka kumaso sabata ziwiri. Ena amati ali ndi filiji, koma magetsi athu kuno amatha kuzima tsiku lonse. Akabwera ndi nkhope yotuluka totupa amati ufa ukutulutsa zoipa za m'thupi, ndi mmene wogulitsa anawauzira. Si zoipa zotuluka zimenezo, mwanawe, ndi khungu lomwe lapsa ndi zinthu zovunda. Madzinso tiziwaganizira. Ambiri a ife timatunga pazitsime ndi pamijigo chifukwa m'mipopi madzi amabwera mwa apo ndi apo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2008 ndi 2009 imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndi ya 2018 imene inavuta ku Glen View ndi ku Budiriro kuno ku Harare. Kolera silowera pakhungu, koma phala la kumaso limafika pamilomo ndi m'maso, ndipo khungu lokandakanda limalola tizilombo tina kulowa. Madzi amene simungamwe osawiritsa musasakanizire chopaka kumaso.

Mandimu ndi soda, zimene ambiri amathira m'phala, ndikupempha musiye. Madzi a mandimu akakhala pakhungu n'kuwombedwa dzuwa amatha kuwotcha n'kusiya mawanga akuda okhalitsa miyezi, mawanga omwewo amene munthu amafuna kuchotsa. Soda amaumitsa khungu ndi kuliyabwitsa. Ndipo tsamba lililonse, ngakhale lothyola pakhomo panu, pali anthu ena amene thupi lawo limalikana. Yambani mwapaka kadontho kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono, mudikire masiku awiri. Pakafiira, pakayabwa, limenelo si lanu.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabwera ndi mnyamata wake wa giredi 2 kuti ndimuone m'mutu. Atavula kachipewa ndinapeza pamwamba pa khutu patatupa ngati theka la dzira, pofewa, tsitsi litathothoka, mafinya akutuluka m'timabowo tambirimbiri, nkhanambo zachikasu zitamatirira pamodzi ndi ufa wobiriwira wouma. M'khosi munali mwanabere. Mwanayo ankangozemba dzanja langa.

"Achemwali, ichi chinayamba liti?" ndinafunsa.

"Chinayamba ngati kachipere kakang'ono, sukulu isanatsekere. Amene anandigulitsa nimu anati ndizipaka m'mawa ndi madzulo, ndisapite kuchipatala chifukwa mankhwala akumeneko amalowetsa matenda m'kati."

Ndinawauza kuti pano sindipaka kanthu, anyamuke nthawi yomweyo apite kukiliniki. Anapita, mwana anapatsidwa mankhwala akumwa ndipo chilonda chinapola. Koma pamalo paja panatsala chipsera chosalala, ndipo tsitsi silidzameranso. Mwana wa zaka 7 amene anzake akumuseka kusukulu chifukwa cha ufa wa dola imodzi ndi mawu a munthu wofuna kugulitsa.

Amayi anzanga, chipere cha m'mutu ndi fangasi imene imalowa m'kati mwenimweni mwa tsitsi mpaka kumuzu. Chopaka pamwamba sichifika kumeneko, kaya ndi nimu, kaya ndi adyo, kaya ndi kirimu wa kufamase. Chimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo amafunika kumaliza ngakhale mutu ukuoneka kuti wapola. Chimayenda ndi makina ometera, zipeso, zipewa ndi mapilo, choncho mukaona mwana mmodzi ali nacho yang'anani mitu ya abale ake, ndipo funsani wometa ngati amatsuka makina ake akamaliza mutu uliwonse. Mpherenso ndi chimodzimodzi. Ndi tizilombo tokumba m'khungu, ndipo timafa ndi mankhwala monga benzyl benzoate, banja lonse kudzola nthawi imodzi, zovala ndi zofunda n'kuchapidwa m'madzi otentha. Kusamba madzi a nimu kungachepetse kuyabwa usiku umenewo, koma m'nyumba mpherezo zikupitabe kwa ena. Ndikudziwa kuti ndalama ya khadi kukiliniki imavuta, ndipo ndi chimene chimathamangitsira anthu kwa ogulitsa ufa. Komabe mayi uja anawononga zambiri pogula timapaketi kuposa zimene akanalipira tsiku loyamba. Khanda lokha musalipake ufa uliwonse. Mafuta a nimu akamwedwa ndi mwana wamng'ono amatha kumukomola, choncho botolo lake lizikhala pamwamba.

Bodza lachiwiri ndi la kuyeretsa khungu. Palibe tsamba limene limasandutsa munthu wakuda kukhala woyera. Mukagula kirimu wosakaniza kunyumba amene akuti ndi wa masamba okhaokha, n'kuona kuti m'sabata imodzi nkhope yayera, dziwani kuti mtundu wobiriwirawo ndi chophimba chabe. M'kati muli mankhwala amphamvu otchedwa hydroquinone, kapena a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, kapena poizoni wotchedwa mercury. Ine ndimagwira nkhope ndi makosi a anthu pafupi, ndipo zotsatira zake ndimaziona zisanaoneke pagalasi. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, m'khosi ndi m'mikono mumang'ambika mizere, mfundo za zala zimatsala zakuda, ndipo m'masaya mumabwera mawanga akuda bii amene satheka kuchotsa. Akasiya kudzola nkhope imatentha ndi kutuluka ziphuphu, ndiye amabwerera kwa wogulitsa yemweyo kukagula wina. Mercury amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo kwa mayi woyembekezera amafika kwa mwana m'mimba. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana pangano la Minamata mu 2013 lochepetsa mercury m'zinthu, kuphatikizapo zodzola. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola kalekale mu 1990. Zinthu zoletsedwa zimenezi n'zomwe tsopano zikubisala kuseri kwa dzina la cham'mwamba. Zimandipweteka kuona mtsikana wokongola, wakuda bwino ngati mayi ake ndi agogo ake, akudziwononga chonchi.

Azilongo athu a Chiyao ndi ena amene amalemba henna m'manja pa ukwati ndi pa Eid amadziwa kuti henna yeniyeni ndi ufa wa tsamba, imachedwa kugwira ndipo imasiya mtundu wofiirira. Yakuda yogwira msanga ija imakhala ndi mankhwala odayira tsitsi otchedwa PPD, amene kwa ena amatulutsa matuza motsatira maluwa onse amene analembedwa. Munthu amene thupi lake lakana PPD kamodzi amadzavutikanso ndi dayi wa tsitsi moyo wake wonse.

Za kukulitsa tsitsi ndinene mwachidule. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo limakulira kumuzu, m'kati mwa khungu, kumene chakudya chimafika kudzera m'magazi. Limene tikuliona panjali ndi lakufa kale, silidya kanthu. Ufa umathandiza kuti lisaduke, motero limaoneka kuti latalika, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mayi amene tsitsi la pamphumi latha chifukwa choluka mothina, kumata mawigi ndi guluu kapena kuwongola ndi mankhwala pafupipafupi, angapake ndowa yathunthu ya cham'mwamba, sizithandiza ngati sasiya kukoka mizuyo. Apa ife oluka tili ndi mbali yathu, ndipo anzanga a m'masaluni ndikuwapempha kuti kasitomala akati zikuwawa tizimasula. Tiziphuphu toyera m'mphepete mwa zoluka ndi chizindikiro chakuti muzu ukuzuka, ndipo zikapitirira zaka sumeranso. Mayi amene wangobereka, tsitsi limathothoka pakapita miyezi ngati itatu ndipo limabwerera lokha. Wogulitsa ufa amangopezerapo mwayi n'kumati ndi ufa wake wabweza. Wina limathothoka chifukwa magazi achepa, ndipo ameneyo afunika kukayezetsa. Cham'mwamba chouma chili ndi zomanga thupi zambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, komanso ayironi. Ku Chikwawa ndi ndiwo, amatendera nsinjiro. Supuni imene mukufuna kupaka pamutu wa mwana, ina muzimuthirira m'phala la m'mawa, kumeneko ndiye chimagwira ntchito yake yaikulu.

Kwa ogulitsa, ambiri mwa inu ndinu amayi ofuna kudyetsa ana ngati ine, ndipo ena munataya katundu yense pamoto umene unapsereza msika wa Mbare mu October 2024. Sindikufuna malonda anu afe. Lembani papaketi dzina la tsamba, tsiku limene munasinja ndi nambala yanu, ndipo munthu akabwera ndi mwana wa zilonda muuzeni apite kukiliniki. Kasitomala woteroyo adzabweranso kwa inu. Bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe ndi limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, kuphatikizapo azitsamba ogulitsidwa m'mapaketi, ndipo ndikulipempha kuti lizitenga makirimu osakaniza kunyumbawa m'misika n'kukawayeza, zotsatira zake anthu azizimva pawailesi. A ZINATHA, bungwe la asing'anga limene lakhalapo kuyambira 1980, nawonso ayankhulepo, chifukwa dzina la mankhwala achikuda ndi limene likuipitsidwa ndi anthu amene sanaphunzirepo za mitengo kwa wina aliyense.

Ife a Chigwirizano cha amayi ndi a m'mabungwe a maliro timakumana kawirikawiri ku Mufakose, ku Mbare, ku Highfield, ku Dzivarasekwa ndi ku Epworth. Tingathe kugawana nthambi za cham'mwamba mvula ikayamba, chifukwa nthambi yongozika pansi imaphuka, ndipo pakatha chaka pakhomo pamakhala tsamba loti mayi athyole yekha. Agogo odziwa kuyanika ndi kusinja akadalipo pakati pathu, tiwapatse mpata pamisonkhano aphunzitse atsikana.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi ili. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma zikwangwani za zaumoyo zimene ndimaona m'makiliniki kuno zimakhala m'Chingerezi, Chishona ndi Chindebele. Agogo ambiri amene akulera zidzukulu m'malokeshoni muno amamva bwino nkhani ikabwera m'Chichewa, ndipo nkhani zanu timawawerengera pafoni. Tipezereni dokotala wa khungu kapena namwino wodziwa, alembe m'nyuzipepala yanu za chipere, mphere, zikanga ndi makirimu oyeretsa, ndi zithunzi za matendawa mmene amaonekera pakhungu lakuda. Ine ndidzasindikiza tsambalo n'kulimata pakhoma la saluni, pafupi ndi galasi.

Woluka tsitsi,
Mufakose, Harare